Dzanja Lodyera

Mpaka lero ndikamva fungo la chikopa chimene chawombedwa ndi dzuwa, mtima wanga umathamangira ku Chongwe, pansi pa mkuyu umene atate ankagwirirapo ntchito. Fungo limenelo limabwera pamodzi ndi la palafini, la oyilo wakale ndi la nkhuyu zakupsa zimene zinkagwa n'kumapondedwa. Chinali chilimwe cha m'zaka za m'ma 1950, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, ndipo lole iliyonse yopita kum'mawa inkasiya fumbi lofiira pa zovala zimene amayi ayanika.

Atate, aMbewe, anachoka ku Katete ali mnyamata kukafuna ntchito ku Lusaka. Anakhala zaka zambiri pa galaja ina ya azungu ali sipanala boyi, wopatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo. Injini ankaidziwa ngati khonde la nyumba yawo, koma mawaya sankaloledwa kukhudza, ndipo pampando wa dalaivala sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ataona kuti imvi zayamba iwo akuitanidwabe kuti boyi, anamanga zida zawo m'thumba n'kudzakhala ku Chongwe, m'mphepete mwa msewu waukulu. Kumeneko ankakonza njinga, mapulaimasi ophikira ndi mapulawo, ndipo anthu ankawatchula kuti aMbewe a njinga. Iwo ankangoseka, koma ine dzina limenelo linkandiwawa, chifukwa ndinkadziwa zimene zinali m'manja mwawo.

Nanenso ndinali ndi mlandu wanga pakhomo: ndinabadwa wamanzere. Amayi anali munthu wabwino, koma pa nkhani imeneyi analibe chibwana. Ankati mwana wamkazi wodyera kumanzere amachititsa manyazi kuchibale, ndipo apongozi sangadye chimene waphika. Choncho anandimanga kaulusi kofiira pamkono wamanja kuti kazindikumbutsa, ndipo pa chakudya ankakhala ndi kamtengo pambali. Pamaso pawo ndinkadya bwinobwino ndi manja, mpaka anayamba kuuza anzawo kuchitsime kuti Enelesi wachira. Koma masuku, nzimbe, mbatata yootcha ndi chilichonse chodyera kuseri kwa nkhokwe, zonsezo zinkalowa m'kamwa ndi manzere. Ndinali ndi manja awiri, lina la amayi, lina langa.

Chilimwe chimenecho kunabwera galimoto ina, mbiri yake itayamba kale kufika. Inali ya mzungu woyeza misewu amene anthu anamupatsa dzina loti Kafumbi, poti asanaoneke iye kunkayamba kuoneka fumbi. Inali yaing'ono, yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, ndipo inali yaifupi moti mimba yake inkachita ngati ikhudza pansi. Tinamva kuti podutsa anthu onyamula maliro cha kwa Nkomeshya, hutala yake inalira yokha osaleka, anamfedwa mpaka kuima n'kumamuyang'ana. Kafumbi anatsika, nkhope itafiira ngati galimoto yakeyo, n'kuzula waya ndi dzanja kuti ikhale chete. Kuyambira pamenepo hutala inafa, ndipo nyali zosonyeza kokhotera, zimene atate ankati maindiketa, nazonso zinali zitaleka kale kuphethira.

Anaima pa mkuyu wathu pongofuna madzi othira m'injini. Chinyanja ankachidziwa ndithu, ngakhale ankachilankhulira m'mphuno. Anadandaula kuti ku Lusaka amuuza kuti mutu wonse wa pakati pa chiwongolero uyenera kuchokera ku Mangalande, ndipo sitima siidziwika tsiku lofika. Atate anazungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, anawerama n'kusuzumira pansi, kenaka anadzuka n'kusasa mawondo. Ine ndinkayembekeza kuti anena kuti ayesa, monga ankanenera pa chilichonse. Koma iwo anati, "Bwana, isiyeni. Nizakonza."

Kafumbi anali pa ulendo wa milungu itatu wa ku Luangwa, kumene kagalimoto kotere sikakanafika, choncho anasiya makiyi n'kukwera lole ya anzake a ntchito. Fumbi lisanatsike, aLungu anali atayamba kale. Amenewa anali dalaivala wopuma ntchito amene ankakhala pa tayala lakale pafupi ndi mkuyu tsiku lonse, kununkhiza fodya ndi kupereka nzeru zimene palibe anapempha. "Imwe aMbewe, iyi si njinga iyayi," anatero. "Azungu a ku Lusaka akangiwa, imwe ndimwe ndani? Sipanala boyi ni sipanala boyi." Atate anangoyamba kusonkhanitsa zida zawo. Koma tonse pakhomo tinadziwa kuti pa galimoto imeneyi pagona dzina lawo. Ikakonzeka adzakhala makaniko, ikakanika adzafa ali a njinga, n'kuwonjezapo kusekedwa.

Tsiku lotsatira anayala thumba loyera pansi n'kuyamba kumasula. Pakati pa chiwongolero panali batani lakuda la hutala, ndipo pamwamba pake panali kandodo kakang'ono ngati chala cha mwana, kokankhira uku ndi uku pofuna kukhota. Anamasula tizomangira titatu kuseri, n'kupita kutsogolo kwa galimoto kukamasula nati imodzi, oyilo wakuda n'kuyamba kudontha m'chitini. Kenaka anakoka mutu uja pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka kapaipi kowonda, kotalika pafupifupi msinkhu wa munthu. Ana a m'mudzi tinakuwa ngati atulutsa njoka kuuna. M'kapaipi kameneko munkadutsa mawaya anayi, ndipo nsalu yowakuta inali itafumbwa, mkuwa uli pamtunda. Chiwongolero chikakhota, waya wa hutala ankakhudza chitsulo, ndiye kulira kuja kwa pamaliro.

Mkati mwa mutuwo munali dziko lina. Munali timasipulingi tating'ono ngati mphutsi za m'chimanga, timikuwa tokhudzana, ndi kadzino kamene kankabweza kandodo pakati galimoto ikamaliza kukhota. Kasipulingi kamodzi kanali katathyoka, ndipo kamkuwa kena kanali katadyeka. Atate anajambula pa pepala la shuga malo a kanthu kalikonse asanakachotse, ngakhale kuti kulemba kwenikweni kunkawavuta. Kasipulingi katsopano anakapinda kuchokera ku wotchi yakufa, kamkuwa anakasema kuchokera ku kiyi wakale wa loko, akupala ndi tupa masiku atatu. ALungu akafunsa ngati galimoto idzayenda chaka chino, atate ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaona kuti pa tizomangira tating'ono kwambiri ankasintha dzanja n'kumanga ndi manzere, koma ndinaganiza kuti ndi kuchepa kwa malo.

Masiku amenewo pakhomo pathu panasanduka pamsika. Amayi otunga madzi ankatula ndowa kuti aone nkhope zawo m'chitsulo chonyezimira cha kutsogolo, madalaivala a malole ankaima nthawi yaitali kuposa kale, ndipo nkhuku zinapeza mthunzi wabwino pansi pa galimotoyo. Masana mipando yachikopa inkatentha n'kumatulutsa fungo lija. Ine ndinkayenda khosi lili m'mwamba, ndipo mwana aliyense wofuna kukhudza tayala ankayamba wandipempha. Kunena zoona ndinali wonyada mopitirira muyeso, ndipo ena ndinkawakaniza popanda chifukwa.

Mawaya atsopano atate anawachotsa pa lole ina yakufa imene inali kuseri kwa sitolo. Anali olimba bwino, koma onse anayi anali akuda, osasiyana ngakhale pang'ono. Atawalowetsa m'kapaipi n'kubwezera mutu pa chiwongolero, nsonga zake zinatulukira kutsogolo kwa galimoto, ndipo panafunika kudziwa kuti wa kumanja ndi uti, wa kumanzere ndi uti. Njira yake inali yoti munthu mmodzi akhale pampando n'kukankha kandodo, wina agone pansi ndi babu n'kuona waya amene wabwera moto. Atate anayang'ana ovolosi yawo ya oyilo, anayang'ananso mpando wachikopa, n'kupukusa mutu. Zaka za ku galaja zija zinali zikadali m'mafupa mwawo. Anandituma kukasamba mapazi, anayala chitenje cha amayi pampando, n'kundinyamula kundikhazika pamenepo.

Sindidzaiwala mmene ndinamvera. Chiwongolero chinali chachikulu kuposa lichero, miyendo yanga inkalendewera, ndipo anzanga onse anali ataima potero, kukamwa yasa. Mawu a atate anatuluka pansi pa galimoto: "Enelesi, kankhira ku dzanja lodyera!" Ndinakankha nthawi yomweyo, ndi mtima wonse. Kaulusi kofiira kanali pompo pamkono, koma sindinakayang'ane n'komwe, chifukwa dzanja limamva msanga kuposa mutu. Ndinakankhira kumanzere. Babu inayaka, atate anati "Ehee," n'kulumikiza waya ameneyo ku nyali za kumanja.

Chimene chinabisa cholakwacho n'chakuti poyesa ndinalinso ine ndemwe pampando. Atate anaima kumbuyo kwa galimoto n'kufuula kuti dzanja lodyera, ine n'kukankhira kumanzere, nyali ya kumanja n'kuphethira monga iwo ankafunira. Anati linalo, ine n'kukankhira kumanja, ya kumanzere n'kuphethira. Zonse zinaoneka zolongosoka. Ndinadina batani, hutala inalira, agalu a mudzi wonse anayankha, ndipo aLungu anatsamwa ndi fodya. Madzulo amenewo atate anaimba nyimbo ya kutchalitchi akusamba, chinthu chimene sankachita wamba.

M'mawa mwake, tsiku lobwera Kafumbi, atate anavala malaya oyera a Lamulungu n'kupita kukapukuta galimoto. Amayi anandipatsira chikho cha thobwa, ine ndi tulo tanga n'kutambasula manzere. Kamtengo kanatera pa zala. "Iwe, dzanja lodyera n'liti? Nizakamba kangati?" anatero amayi, akugwedeza mkono wanga wa kaulusi. Ndinayang'ana dzanja limenelo, ndinayang'ananso linzake. Ndinadziona ndili pampando uja, ndinaona mbali imene kandodo kanapita, ndipo thobwa linatayikira pa diresi.

Ndinali mwana, koma ndinakulira pamsewu, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Kafumbi adzafuna kukhotera kumanja, nyali idzanena kuti akupita kumanzere, ndipo lole ya m'mbuyo idzafuna kumupitirira mbali yomweyo imene iye akulowera. Ngakhale atapulumuka, mbiri idzayenda kuyambira ku Lusaka mpaka ku Katete kuti aMbewe a njinga sadziwa manja ndi manzere. Koma kuulula kunali kuvomera pamaso pa amayi kuti chilimwe chonse ndakhala ndikuwanamiza, ndiponso kuuza atate kuti ndawaonongera ntchito ya milungu itatu. Ndinapita ku mkuyu kawiri, ndipo kawiri konse ndinabwerera nditawapeza akumwetulira. Ndinkati ndinena dzuwa likakwera pang'ono. Pakadafunda padajiwitsa galu: ndisanatsegule pakamwa, lole ya Kafumbi inaima pamsewu.

Anthu anasonkhana ngati pali gule. Kafumbi anatsika atapsa ndi dzuwa, anayang'ana chiwongolero, anadina batani, hutala n'kulira bwinobwino. Anaseka n'kuponya chikwama chake kuseri kwa mpando, ndipo mwendo umodzi unali utalowa kale m'galimoto. Sindidziwa chimene chinandikankha. Ndinangopezeka ndadutsa pakati pa akuluakulu n'kugwada pafumbi patsogolo pa atate.

"Atate, dzulo ninakankhira ku dzanja langa lodyera."

"Inde, n'chimene ninakuuza."

"Langa, atate. Ili." Ndinakweza manzere.

Ndinaona amayi atagwira pakamwa cha kukhonde. Kenaka aLungu anaphulika kuseka, akumenya tayala lawo ndi chikhatho. "Si ninakamba ine? Motoka izayamba kunama pa msewu!" Ena anaseka nawo. Ine ndinazyolika kudikira mbama, ndipo ndinkaona kuti ndiyenera kuilandira.

Atate anayang'ana dzanja langa nthawi yaitali. Kenaka analankhula mokweza kuti aliyense amve. "Mwana sanalakwe. Ninamufunsa dzanja lodyera, iye anayankha zoona. Wolakwa ni ine wofunsa." Anatembenukira kwa mwini galimoto n'kunena kuti, "Bwana, tsikani pang'ono. Nchito ikalibe kusila." Sanapepese, sanapindenso msana. Kafumbi anawayang'ana, n'kutulutsa mwendo wake uja.

Atate anatulutsa mpeni m'thumba, anagwira mkono wanga wamanja, n'kudula kaulusi kofiira kaja. Anagona pansi pa galimoto ndi malaya awo a Lamulungu omwewo, anasinthanitsa mawaya awiri, ndipo pa waya wa kumanja anamangapo kaulusiko kuti wina aliyense wodzatsegula asadzasokonezeke. "Aka kagwire nchito kuno," anatero ali pansi pomwepo. Ntchito yonseyo siinatenge nthawi yophikira mbatata. Atatuluka anasamba m'manja ndi palafini ndi sopo, mpaka m'zikhadabo. Ndinkaganiza kuti andinyamulanso kundikhazika pampando, koma iwo anachotsa chitenje chija, anachipinda n'kupatsa amayi. Kenaka anatsegula chitseko n'kukhala pampando wa dalaivala, mwini wake ataima pomwepo.

Ngakhale aLungu anasiya kuseka. Atate anakhala mowongoka, manja onse pa chiwongolero, ngati munthu amene wakhala pamenepo moyo wake wonse. "Nambewe," anaitana. Ndinacheuka kufuna kuona amene akuitanidwa, chifukwa palibe anali atanditchulapo ndi mfunda ngati munthu wamkulu. "Imirira kumbuyo, uniuze chamene uona." Ndinathamangira kumbuyo. Nyali inaphethira, ine n'kufuula kuti manja. Inaphethira inzake, ine n'kufuula kuti manzere, ndipo mawu amenewa ndinawafuula mokweza kuposa oyamba aja. Atate anakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, hutala ili chete, ndipo pobwerera kandodo kanati tha, kubwerera kokha pakati. Pomaliza anadina batani ndi chikhatho chonse, osafulumira kuchotsa. Mbalame zonse za mumkuyu zinauluka.

Kafumbi anawerama n'kuyesa kandodo yekha kangapo, akumvetsera kulira kwa kadzino kaja. Anafunsa kuti ndani anawaphunzitsa zimenezi. "Maso, bwana," anayankha atate. Mzunguyo anawagwira chanza, ndipo posachedwa tinangoona fumbi likulowera ku Lusaka, nyali ya kumanja ikuphethira pamene ankalowa mumsewu. ALungu ananunkhiza fodya n'kuuza munthu amene anali pafupi nawo kuti, "Ine ninakamba kale kuti aMbewe ni makaniko." Palibe anawatsutsa, tonse tinangoseka.

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku ochepa, fumbi linagona, nyenje zinaleka. Madalaivala anayamba kubweretsa malole a nyali zakufa ndi mahutala osalira, ndipo dzina la njinga lija linafota lokha. Amayi sananene chilichonse za bodza langa. Anapitiriza kundiphunzitsa kulandira zinthu kwa akulu ndi manja awiri, zimene ndimachita mpaka lero, koma kaulusi kena sanandimangenso, ndipo kamtengo kaja tsiku lina kanalowa pamoto. Chaka chonsecho, galimoto yofiira ikadutsa, ndinkauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti m'kati mwake muli ntchito ya atate anga ndi ulusi wanga.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti atate anadula kaulusi kanga chifukwa chofulumira, poti mzungu anali kudikira. Nditakula ndi pamene ndinakumbukira kuti pa msomali wa mkuyu uja pankalendewera zingwe ndi maulusi a mitundu yonse, pafupi kwambiri kuposa mkono wanga. Ndinakumbukiranso tizomangira tating'ono tija, ndi chipsera chakale chimene anali nacho kuseri kwa dzanja lamanzere, chimene ankati anapsa ndi injini. Sindinawafunse. Patapita zaka zambiri, atakalamba n'kudwala, ndinapita kukawasamalira, ndipo tsiku lina ndinawaphikira phala n'kuwapatsira supuni. Anali atafooka moti analibenso mphamvu zokumbukira zimene anaphunzitsidwa ali mwana. Anatambasula manzere, analandira supuniyo, n'kuyamba kudya osataya ngakhale dontho. Ataona kuti ndikuwayang'ana anamwetulira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Usakauze amako, Nambewe."